Pule, lamba ndi kebulo: mmene mungazimangire pa chitsime, pa chigayo ndi pa njinga

Abale anga a kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje, nkhani ya mapule, magudumu aja okhala ndi ngalande moyenda chingwe kapena lamba, ndakhala ndikuyifotokoza pakamwa kwa anyamata amene amabwera kudzaphunzira ntchito, ndiye ndati lero ndingoilemba kuti aliyense aziwerenga yekha pa foni. Ine ntchito yanga ndi yokonza zigayo ndi mainjini a dizilo, ndimayenda kuyambira ku Luchenza, Chonde, Chitakale mpaka ku Limbuli, ndipo chimene chimandipweteka mtima ndi kuona munthu wagulitsa nandolo wake yense, wagula mota yabwinobwino, koma chifukwa cha pule imodzi yolakwika saizi makina akumulanda ndalama tsiku ndi tsiku.

Mfundo yake ndi imodzi ndipo muigwire kuyambira pano. Pule sibereka mphamvu ayi, imangosinthanitsa. Ikakupepukitsirani katundu ndiye kuti mukoka chingwe chachitali. Ikakuthamangitsirani makina ndiye kuti yachotsako ku mphamvu yopotokola. Palibe chaulere, ndiye musanagule chilichonse tengani tepi ndi pepala muwerenge kaye.

Amene munakwerako ku Chambe pa phiri la Mulanje kuchokera ku Likhubula mukuidziwa njira ija amati Skyline. Dzinalo linachokera ku waya wamkulu uja a zankhalango ankatsitsira matabwa kuchoka pamwamba pa phiri, ndiye mapule si zachilendo kuno, makolo athu anagwira nawo ntchito. Ngakhale mu mafakitale a tiyi masamba aja amayenda pa malamba ozunguzidwa ndi mapule.

Tiyambire pa chitsime

Ndowa ya malita 20 ikadzadza, madzi okhawo amalemera makilo 20. Mayi kapena mwana akamakoka atawerama pakamwa pa chitsime msana ndi umene umalipira, komanso chingwe chimakhula m'mphepete n'kumagwetsera dothi m'madzi omwe timwe aja. Kuno mvula ndi yambiri, nthawi ya chiperoni pa chitsime pamakhala poterera, munthu kuwerama pamenepo ndi ndowa yodzadza ndi kuika moyo pachiswe.

Choyamba zikani nsanamira ziwiri, ina uku ina uku, motalikirako ndi pakamwa pa chitsime kuti dothi lisagumukire mkati. Bulugamu wokhwima amagwira bwino ntchitoyi, muotche kumunsi kwake kapena mupake oyilo wakutha chifukwa cha chiswe, koma oyiloyo aume kaye ndipo asadonthere kufupi ndi madzi. Dzenje lililonse lifike masentimita 60 kapena kuposa, mutsendere ndi miyala, ngati muli ndi simenti ndiye bwino kwambiri. Pamwamba pingasani mtanda wolimba pa msinkhu woposa mamita 2 kuti ndowa izituluka yonse munthu ataimirira chilili.

Apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Mtanda uja sunyamula makilo 20 okha ayi, umanyamula 40. Mbali ina ndowa ikukokera pansi ndi makilo 20, mbali inayo inu mukukokeranso pansi ndi makilo 20, zonsezo zikuthera pa mtanda. Ndiye musaike kamtengo kowonda poganiza kuti ndi kandowa chabe, ndipo mtandawo muumange ndi bawuti yodutsa, misomali imazuka ikanyowa ndi kuuma kangapo.

Pule yake ngati mulibe ndalama yogulira ku hadiweya, pitani kwa okonza njinga mukagule habu yakutsogolo kapena limu yaing'ono ya njinga ya ana, owotcherera akupangireni kachitsulo kokolowekera. Limu ndi yabwino chifukwa ili kale ndi ngalande moyenda chingwe, ndipo mkati mwa habu muli kale timipira ta bering'i, mungothiramo girizi. Chimene muonetsetse ndi choti chingwe chizikhala bwino mu ngalande, chisamapanike komanso chisamalumphe n'kukalowa pakati pa pule ndi chitsulo cha m'mbali. Pule isachepe kwambiri. Ine ndimatsata lamulo loti ikule kasanu ndi katatu kuposa kunenepa kwa chingwe, ndiye chingwe cha mamilimita 12 chimafuna pule yosachepera masentimita 10, ikachepa chingwe chimapindika mopweteka ndipo chimathothoka msanga.

Koloweka pule pakati penipeni pa chitsime, pisani chingwe, mangani ndowa, ndipo nsonga inayo muimangirire ku nsanamira kuti tsiku lina chikapulumuka m'manja chisatsatire ndowa pansi. Mukayesa mupeza kuti kulemera sikunachepe, akadali makilo 20 omwe aja, chasintha ndi choti mukukokera pansi ndipo thupi lanu likuthandizira, msana uli chowongoka. Pule yokhazikika ntchito yake ndi yomweyo basi, kutembenuza mbali yokokera.

Mukafuna kuti kulemera kuchepedi, monga pa chitsime pomwe amatunga agogo kapena pokumba pamene mukutulutsa dothi, onjezerani pule yachiwiri yoyenda ndi katundu. Mangani nsonga ya chingwe ku mtanda, chitsike chidutse pansi pa pule yachiwiriyo yomwe ili ndi mbedza yokolera ndowa, chikwerenso chidutse pa pule ya pamwamba ija, kenako chibwere m'manja mwanu. Tsopano ndowa yalendewera pa zingwe ziwiri, chilichonse chanyamula theka, inu mukumva ngati makilo 10 ndi kakuonjezera pang'ono ka kukhulana. Koma ngati madzi ali pa mamita 10 mukoka chingwe cha mamita 20, ndipo mugule choposa mamita 25 kuti chikwane. Atsikana amphamvu amadana nayo njira imeneyi chifukwa imachedwetsa, ndiye funsani kaye amene azitunga.

Kukweza injini osathyola msana wa munthu

Njira yowerengera ndi yosavuta. Werengani zingwe zimene zagwira pule yoyenda ndi katundu ija, chingwe chotsika kuchoka pa pule ya pamwamba kubwera m'manja mwanu musachiwerenge. Zikakhala 2 gawani kulemera ndi 2, zikakhala 4 gawani ndi 4. Injini ya makilo 200 pa zingwe 4 imabwera pa makilo 50, ngati thumba limodzi la chimanga, kungoti pule iliyonse imadyako pang'ono ndiye muyembekezere kukoka koposerapo, makamaka ngati mapule ali ndi dzimbiri. Kuti injini ikwere mita imodzi mukoka mamita 4. Tcheni buloko ya m'magalaja nayo ndi nzeru yosinthanitsa yomweyi, mumakoka tcheni chambirimbiri katundu n'kukwera pang'ono chabe.

Mtanda wokolowekapo uyenera kunyamula injini yonse kuphatikiza mphamvu imene mukukoka. Chonde musakoloweke pa phaso la denga la chigayo, madenga athu ambiri anapangidwira malata okha. Mangani miyendo itatu ya mitengo yonenepa kapena mapaipi, muimange pamodzi pamwamba, ndipo kumunsi muilumikize ndi chingwe kuti isatangadze. Kwezani kaye masentimita 5, imani, mvetserani ngati pali cholira kapena chothetheka, kenako pitirizani. Munthu asaike phazi, mkono kapena mutu pansi pa katundu wolendewera, ndipo mukamakweza muziika zipika za mtengo pansi pake kuti ikagwa igwe pafupi.

Pa chigayo, pomwe ndalama zimatayikira

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe ndaona anthu akulira. Malume anga anali ndi chigayo cha dizilo zaka zambiri, magetsi atafika m'dera lawo anagula mota n'kuchotsa injini. Pogula pule ya pa mota anangoyeza ya pa injini ija, mainchesi 8, n'kugula yofanana. Atayatsa chigayo chinkalira mozizira ngati chikudwala, chimanga chikumangozungulira mkati osatuluka, ufa ukutuluka wofunda komanso mochedwa, ndowa imodzi kudikira mpaka amayi kukhala pansi n'kuyamba kusendana nkhani. Sabata isanathe mzere wonse unasamukira ku chigayo china. Iwo ankaganiza kuti awagulitsa mota yofooka, ena kumawanong'oneza kuti pali munthu wawachita chipongwe. Ndinafika, ndinapukuta ndi chala fumbi la ufa pa puleti ya mota, kachitsulo kaja kolembedwa manambala, panalembedwa 1450. Injini yawo yakale inkazungulira ka 2200 pa mphindi. Vuto lonse linali pamenepo.

Ndiye chitani chonchi. Pezani manambala atatu. Yoyamba ndi sipidi ya mota kapena injini, imalembedwa pa puleti ndi zilembo za rpm, kutanthauza kuti shafuti, ndodo yachitsulo imene pule imakhalapo, imazungulira kangati pa mphindi imodzi. Pa magetsi athu a ESCOM mamota ambiri amakhala cha pa 1450 kapena cha pa 2900, ndipo awiriwa kunja amaoneka ofanana, ndiye werengani puleti, osangoyang'ana kukula. Yachiwiri ndi sipidi imene chigayo chimafuna, funsani amene anachipanga kapena onani pa puleti yake, zigayo zambiri za mahamala zimafuna cha m'ma 3000 koma zimasiyana malinga ndi kukula kwake. Yachitatu ndi kukula kwa pule ya pa chigayo, muyeze modutsa pakati kuchoka m'mphepete kufika m'mphepete.

Masamu ake ndi awa: kukula kwa pule ya chigayo kuchulukitsa ndi sipidi imene chigayo chikufuna, kugawa ndi sipidi ya mota. Yankho lake ndi pule yoti mugule ya pa mota. Cha malume chinali ndi pule ya mainchesi 6 ndipo chimafuna 3000. Ndiye 6 kuchulukitsa ndi 3000 ndi 18000, kugawa ndi 1450 ikubwera 12 ndi kakanyenyeswa. Pule yofunika inali ya mainchesi 12, yomwe imapereka 2900, pafupi kwambiri. Ndi ya mainchesi 8 ija chigayo chinkazungulira 1933 basi, mahamala analibe ukali woswa chimanga. Pa injini ya 2200 pule ya 8 yomweyo inkapereka 2933, n'chifukwa chake kale zinkayenda bwino.

Tsono taganizani zitachitika mobwerera, zomwe ndi zoopsa kwambiri. Magetsi akuvuta, munthu wabwereka injini ya dizilo ya 2200 n'kuikapo pule ya mainchesi 12 ya pa mota ija. Chigayo chizungulira 4400. Mabering'i apsa, sefa ing'ambika, ndipo hamala ikathyoka pa liwiro limenelo imatha kuboola chitsulo n'kutuluka, pamene pomwepo paima amayi ndi ana kumbuyo. Nthawi iliyonse mukasintha chozunguza, bwerezaninso masamu.

Musaganizenso kuti kukuza pule ya pa mota kumaonjezera mphamvu. Sipidi ikakwera kawiri mphamvu yopotokola pa shafuti ya chigayo imatsika ndi theka, ndiye ngati mota ndi yaing'ono izingotentha ndi kuthimitsa magetsi pa bokosi mukangothira chimanga chambiri. Pule siingakonze mota yochepa.

Mukapeza saizi, onani mtundu wa ngalande. Malamba a V ali ndi zilembo, A ndi wa mamilimita 13 m'lifupi pamwamba pake, B ndi 17, C ndi 22. Mapule onse awiri akhale a chilembo chimodzi ndi lamba. Lamba wa V amagwira ndi m'mbali, sayenera kukhudza pansi pa ngalande, ndiye mukaona pansi pa ngalande pakuwala ngati pasilidwa dziwani kuti pule yadyeka kapena lamba ndi wowonda, ndipo ngakhale mukunge bwanji aziterereka basi. Onaninso bowo la pakati kuti likugwirizana ndi shafuti, ndi mpata wa kiyi, kachitsulo kogwiritsa pule ku shafuti. Pule izilowa mothina, osati mochita kuikira zidutswa za chitini kuti igwire. Poilowetsa musamenye ndi hamala mwachindunji, zambiri ndi zachitsulo chosweka, ikani thabwa pakati muzigogoda pang'onopang'ono mozungulira.

Kutalika kwa lamba, ngati wakale alipo werengani nambala yake, B91 ndiye kuti mtundu B mainchesi 91. Ngati palibe, sunthani mota ibwere kufupi ndi chigayo pa njanji zake, kulungani twaini pa mapule onse awiri, dulani, pitani nayo ku shopu. Kuyeza mota ili kufupi kumakusiyirani malo okungira lamba akadzatamuka. Ngati malamba ndi atatu gulani atatu onse nthawi imodzi a kampani imodzi. Ndikudziwa ndalama imavuta, koma mukaika watsopano mmodzi pakati pa akale awiri otamuka, watsopanoyo ndi amene asenze katundu yense yekha ndipo sakhalitsa.

Kenako kuongola. Zimitsani magetsi pa bokosi lalikulu ndipo muuze aliyense kuti mukugwira ntchito, ngati n'kotheka kiyani bokosilo kiyi ikhale m'thumba mwanu. Tengani twaini ya omanga nyumba, ikungeni modutsa pankhope za mapule onse awiri. Ikhudze malo anayi, m'mphepete muwiri mwa pule yaikulu ndi m'mphepete muwiri mwa yaing'ono. Pakakhala mpata pamalo amodzi ndiye kuti mota yapendeka kapena pule ina yalowa kwambiri pa shafuti, masulani mabawuti musunthe mpaka malo anayi onse akhudze. Zimadya nthawi, mwina theka la ola mukungosuntha timamilimita, koma lamba woyenda mokhota amadyeka mbali imodzi, amasiya fumbi lakuda pansi, ndipo nthawi zina amagudubuzika mu ngalande.

Povala lamba musamukanule ndi sikuludiraiva kapena sipanala, mkati mwake muli ulusi umene umaduka osaoneka kunja. Bweretsani mota kufupi, valani ndi manja, kenako kankhirani mota kumbuyo ndi mabawuti okungira. Poyesa kukunga dinikizani ndi chala chachikulu pakati pa mapule awiriwo mwamphamvu ndithu. Lamulo lake ndi mamilimita 16 pa mita iliyonse ya mtunda wa pakati, ndiye ngati mashafuti atalikirana masentimita 80 lamba alowe cha pa mamilimita 13, pafupifupi kunenepa kwa chala chaching'ono. Akakhwepa amalira poyatsa, amatentha, pule imafika posagwirika. Akakungika kwambiri salira koma amapha mabering'i mwakachetechete, ndipo awa ndi okwera mtengo kuposa lamba. Mangani mabawuti, bwerezaninso twaini ija chifukwa pomanga mota imasuntha, zunguzani ndi dzanja kangapo, ndiye muyatse chopanda chimanga mumvetsere. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri mukungenso chifukwa lamba watsopano amakhazikika mu ngalande n'kukhwepa.

Oyilo, girizi ndi dizilo zisafike pa lamba. Ena amapaka phula kapena sopo kuti asiye kulira, kumeneko ndi kutseka pakamwa pa wodwala, matenda akadali pomwepo.

Chomaliza pa chigayo ndi chotchinga. Ndikupemphani ndi mtima wonse, owotcherera akupangireni chikhola cha waya kapena lata chophimba malamba ndi mapule. Makasitomala athu amavala zitenje ndi mipango, amawerama kutola ufa wotayika, ana amakwawa. Lamba wozungulira pa liwiro lija akagwira nsonga ya chitenje sapereka mpata woti munthu akuwe. 

Kebulo, mabuleki ndi moto

Tsopano tibwere ku zowongolera, zimene zimatenga lamulo kuchoka ku dzanja lanu kukafika ku makina. Achimwene a kabaza, iyi ndi yanu, makamaka amene mumatsika zitunda za ku Thekerani ndi Masambanjati mutanyamula munthu kapena mikoko ya nthochi.

Kebulo ili ndi zinthu ziwiri, waya wamkati amene amakoka ndi chikhokho chakunja chimene chimakana kufinyika. Chikhokhocho chikatsamira molimba kumapeto onse awiri, mukakoka waya sentimita imodzi pa handulo kumapeto enawo amayendanso sentimita imodzi ngakhale kebulo itakhota. Waya amangokoka, sakankha, ndiye chobwezera ndi sipuling'i. Handulo nayo ndi kusinthanitsa komwe kuja, zala zanu zimayenda mtunda wautali mopepuka, waya amayenda pang'ono koma mwamphamvu. Njinga zakale za mabuleki a ndodo zachitsulo ndi chimodzimodzi, kungoti m'malo mwa waya pali tindodo ndi timfundo topindika, ndipo timfundo timeneti tikadyeka handulo imafika pa chiwongolero mabuleki asanagwire.

Pokonza yambani ndi kumasula waya kumunsi n'kumukoka ndi dzanja uku ndi uku. Azitsetsereka mosavuta. Akamagwiragwira ndiye kuti mwalowa madzi ndi dzimbiri, zomwe kuno sizisowa, imikani kebulo chilili mudonthezere oyilo wopepuka kumwamba mpaka atulukire kumunsi. Yang'anani pafupi ndi kamutu ka waya pa handulo, ndi pomwe amayambira kuduka. Mukaona ngakhale ulusi umodzi wanyanyuka sinthani, musadikire kuti mumalize sabata, waya ameneyu amaduka pa nthawi imene mwafinya mwamphamvu kwambiri ndipo nthawi imeneyo ndi ya pa chitsikira. Poika watsopano tsatani njira ya wakale, makhotedwe akhale otakasuka, ndipo mutembenuze chiwongolero mpaka kumapeto uku ndi uku muone ngati kebulo sikukokeka. Pa njinga yamoto chitani zimenezi injini ikulira pansipansi, moto ukakwera wokha potembenuza ndiye kuti kebulo ya moto yafupika kapena yapanika penapake, musakwere musanakonze.

Kenako kampata. Kebulo iliyonse imafuna kampata kakang'ono koyenda chabe isanayambe kukoka. Pa moto mamilimita 2 mpaka 6 pa chogwirira, pa klatchi cha pa mamilimita 10 mpaka 20 kunsonga ya handulo, koma ngati buku la njinga yanu lilipo tsatani limenelo. Klatchi ikasowa kampata imakhala ngati mwaifinya pang'ono nthawi zonse, mapuleti amapsa, njinga imalira kwambiri koma pa chitunda osakoka. Kampata kakachuluka magiya amalowa mokukuta. Pali kabawuti kabowo pomwe chikhokho chimathera, mukakatulutsa kampata kamachepa, mukakalowetsa kamakula, mukamaliza mangani nati yake yotsekera. Pa mabuleki a njinga yakapalasa, handulo igwire zolimba isanafike theka la ulendo wake, ndipo tayala lizizungulira osakhula mukasiya.

Makina odziwongolera okha

Pali zowongolera zina zosadikira dzanja la munthu, ndipo ziwiri mwa izo tili nazo pafupi. Yoyamba ndi gavanala wa injini ya dizilo. Mwamvapo kuti mukathira chimanga injini imasintha kulira, imalemera mawu, imatulutsa kautsi kenako n'kukhazikika? Mkati muli timiyala tachitsulo tozungulira ndi injini. Sipidi ikakwera timatayikira kunja n'kukankha kandodo kochepetsa dizilo, sipidi ikatsika chifukwa cha katundu sipuling'i imatibweza mkati dizilo n'kuchuluka. Ndiye handulo ya moto ija inu mumagwira sikuti imatsegula dizilo mwachindunji, imangokunga sipuling'i, gavanala ndi amene amagamula. James Watt anaika nzeru imeneyi pa injini ya nthunzi mu 1788 ndipo mpaka lero ndi yomweyo.

Injini ikamakwera ndi kutsika yokha ngati ikupuma befu, musathamangire kumasula pampu ya dizilo. Onani kaye fyuluta ya dizilo ndi mpweya m'mapaipi, kenako zimitsani muyendetse tindodo ta gavanala ndi chala, tiziyenda mosagwira komanso mosagwedera. Sipuling'i ikatamuka gulani yake yeniyeni, musamange ndi mphira wa chubu kapena waya, ndipo kabawuti koletsa sipidi yapamwamba kaja musakakhudze pofuna kuti chigayo chithamange, sipidi ya chigayo imakonzedwa ndi pule monga tawerengera muja. Gavanala akakanirira injini imatha kuthawa, kulira mokwera osamva handulo. Zikatero tsekani dizilo ndipo tsekani polowera mpweya ndi thabwa lafulati, osati ndi dzanja kapena nsanza chifukwa imameza. Thabwa limenelo lizikhala pafupi ndi injini nthawi zonse ndipo mnyamata wogayitsa adziwe ntchito yake.

Yachiwiri ndi mpira wa mu thanki, amene midzi yambiri ya m'munsi mwa phiri yomwe imamwa madzi a m'mipopi otsika okha imaudziwa. Madzi akakwera mpira umayandama n'kukweza mkono wake, mkonowo umakanikiza kalabala pa kabowo madzi n'kusiya kulowa. Mkono ndi wautali dala kuti mpira wopepuka uthe kugonjetsa mphamvu ya madzi. Thanki ikamasefukira tsekani madzi, kwezani mkono ndi dzanja mutatsegulanso pang'ono, akasiya kulowa ndiye kuti kalabala kali bwino, vuto ndi msinkhu wa mpira kapena mpirawo waboka. Ugwedezeni pafupi ndi khutu, mukamva madzi mkati sinthani. Ngati uli bwino tsitsani mkono ndi kabawuti kake, kapena ngati ndi wa mkuwa upindeni pang'ono cha pakati mutagwira ndi manja awiri kuti musathyole valavu. Akapanda kusiya ngakhale mwakweza mkono, masulani valavu muchotse mchenga, nthawi ya mvula madzi a m'phiri amabwera ndi timiyala tomwe timakhala pa kabowo paja, ndipo kalabala kakakhala ndi mzere wodyeka katembenuzeni kagwire ndi mbali inayo mpaka mutapeza katsopano. Mukabwezeretsa dikirani thanki idzadze muli pomwepo, madzi aime masentimita angapo pansi pa paipi yotayira.